Ndege Yankhondo ya Wokonza Njinga

Panali munthu wina wokonza njinga pamsika wa kumalire. Dzina lake anali Yotamu, koma anthu ankamutchula ndi mfunda wake, a Gama. Anali ndi kashedi ka malata pansi pa mtengo wa mango, bokosi la masipanala, pampu, ndi beseni la madzi lofufuzira pamene chubu chabooka. Sanali munthu wolankhulalankhula. Akamamanga masipoko manja ake ankayenda okha, koma maso ake kawirikawiri ankakhala kumwamba, ngati mlimi amene akudikira mvula.

Chimene ankayang'ana kumwambako ndi ichi. Ali mnyamata, kutsidya kwa malire kunali nkhondo. Tsiku lina akudyetsa mbuzi za bambo ake paphiri, kunatulukira chinthu chonyezimira, chosongoka ngati munga. Chinadutsa chotsika, osamveka n'komwe. Chitapita ndi pamene phokoso lake linafika n'kugwedeza nthaka. Mbuzi zinabalalika. Azimayi amene ankapalira m'munda anataya makasu n'kudzigwetsa m'mizere. Yotamu yekha anangoima, kukamwa kuli yasa. Anaona dzuwa likutsetsereka pamimba pa chinthucho. Anachiona chikupendekeka, chikukwera molunjika, mpaka chinasanduka kadontho n'kumezedwa ndi mtambo. Akuluakulu a m'mudzi anati inali ndege yankhondo yosochera, ndipo anathokoza Mulungu kuti sinaponye kanthu. Koma mnyamatayo sanamve mantha. Anamva njala ya mtundu wina, imene chakudya sichithetsa.

Anafuna kudzayendetsa ndege. Sizinatheke. Bambo ake anamwalira, sukulu inathera panjira, ndipo malume ake anamuphunzitsa kumata machubu. Atakula anakwatira mkazi wa kuseri kwa mapiri, Nachisale, mayi wosachedwa kuseka, wodziwa kusoka ndi kuluka. Anabereka ana. Anawo anakula n'kupita kumatauni, pakhomo n'kutsala awiriwo. Imvi zinayamba kumera. Koma ndege ija inali ikuulukabe m'mutu mwa Yotamu, yosakalamba, yosachita dzimbiri.

Tsiku lina anagula matcheni ndi mabuleki kwa wamalonda wochokera kutali. Katunduyo anali atakulungidwa m'pepala long'ambidwa m'magazini yakale. Analifutukula. Panali ndege yomwe ija, yojambulidwa kuchokera m'mbali, kumwamba ndi kutsogolo, ndi timizere tosonyeza kutalika kwa chiwalo chilichonse. Anatseka shedi dzuwa lili paliwombo. Kunyumba anapempha simbi ya makala, n'kusita pepalalo mosamala ngati malaya a ukwati.

"Pepala lanji limenelo loti mpaka kulisita?" anafunsa Nachisale.

"Ndi ndege," anatero Yotamu. "Ndiipanga. Yaing'ono, koma yofanana ndi yeniyeni pa chilichonse."

Mayiyo anaseka. "Ipangeni, a Gama. Bola simbi yanga mundibwezere."

Yotamu anatenga chipinda chimene ankagona ana n'kuikamo tebulo pafupi ndi windo. Ntchito yoyamba sinali ya mpeni, inali ya rula. Anaganiza kuti ndege yake italike ngati mkono wake, kuyambira paphewa mpaka kunsonga za zala, ndipo china chilichonse chitsatire muyeso umenewo. Phiko likapitirira pang'ono, ndiye kuti si ndege ija. Mchira ukafupika, si ndege ija. Anayeza, anafufuta, anayezanso, mpaka mvula ya chaka chimenecho inatha asanadule kanthu.

Thupi la ndegeyo analisema pathabwa la mkungudza lotsala pa chitseko chakale. Fungo la mkungudza linadzaza nyumba yonse, linalowa m'zovala, ngakhale m'mabulangete. Anasema ndi mpeni, anapala ndi tupa, anasalaza ndi sandipepa mpaka mphuno ya ndegeyo inkabaya chala. Mapiko oyamba anawadula pamalata, koma anagwa ngati makutu a galu wodwala, ndipo anawataya. Ena anang'aluka ali pafupi kutha. Amene anakhala anali opyapyala, obwerera m'mbuyo ngati a namzeze akamatsika kudzamwa madzi. Kumbuyo kotulukira moto anaikako chidutswa cha pampu yakutha. Miyendo anaipinda ndi masipoko, timatayala n'kutidula pa tayala lakale la njinga. Chimene chinamuvuta kwambiri ndi galasi lophimba woyendetsa. Ankatenthetsa botolo loyera la pulasitiki pambaula, likafewa n'kulikanikiza pa kachikombole ka mtengo. Mabotolo ambiri anakwinyika n'kuda. Limodzi lokha linatuluka loyera ngati dontho la mame.

Anzake a pamsika ankamuseka. Ankati munthu wa zidzukulu wayambanso kuumba zidole. Iye ankangomwetulira n'kupitiriza kupopa tayala. Sakanatha kuwafotokozera, chifukwa chimene chinkachitika m'chipinda chija sichinali kusema kokha.

Sandipepa akamayenda uku ndi uku, makoma a chipindacho ankasungunuka. Tebulo linkasanduka bwalo lalitali lopanda mapeto. Yotamu ankamva msana wake ukukanikizika, nthaka ikuthawa pansi pake. Msika unkachepa mpaka kukhala ngati mapira omwazika pamphasa. Msewu unkasanduka ulusi wofiira. Mapiri amene ankatopetsa miyendo yake ali mnyamata ankakhala ngati mizere ya mbatata. Ankalowa m'mitambo yofewa ngati thonje longokolola kumene, n'kutulukira pamwamba pake, kumene kulibe fumbi, kumene dzuwa silibisika. Kumeneko kunali zii. Phokoso lonse linkatsala m'mbuyo, osamupeza. Akapendeketsa phiko, dziko lonse linkapendekeka naye. Kenako tambala ankalira pabwalo, kapena sandipepa ankatha mano, ndipo ankapezeka ali pampando wake, utuchi uli mbuu m'ndevu.

Nachisale ankabwera ndi tiyi. Ankaima pakhomo n'kumamufotokozera za tsikulo: kwa a uje kwabadwa mwana, denga la khitchini likudontha, mwana wawo wamkazi waimba foni. Yotamu ankati, "Mm." Nthawi zina ankati, "Ikani pomwepo." Sanali munthu wankhanza ayi. Sanamukalipirepo mkazi wake, sanamumanepo kanthu. Ufa sunkasowa m'nyumba, ndipo mowa sankaudziwa kukoma kwake. Azimayi kuchitsime ankati Nachisale anachita mwayi, mwamuna wake sayendayenda. Ndipo zinali zoona. Thupi lake silinkachoka pakhomo.

Mango anapsa, anatha, mitengo inachitanso maluwa. M'nyengo imeneyo Nachisale anasiya kusoka. Anati singano za masiku ano zili ndi mabowo aang'ono. Kenako anayamba kuthira tiyi pambali pa kapu, ndipo Yotamu ankangosuntha pepala lake kuti lisanyowe. Tsiku lina mayiyo anati, "A Gama, mawa mundiperekeze kuchipatala. Matenda anga a shuga aja ayamba kundichititsa chifunga m'maso."

"Mawa ndikumata mchira," anayankha Yotamu. "Guluu ndasungunula kale. Tidzapita sabata yamawa."

Sabata yamawayo inafika ili ndi ntchito yakeyake, ndipo inzake inatero. Potsiriza Nachisale anapita ndi mayi wina woyandikana naye nyumba. Pobwera anaima pakhomo pa chipinda chija nthawi yaitali. Mwamuna wake anali atawerama, akubaya timadontho m'mapiko ndi nsonga ya singano, kuti tioneke ngati misomali yolumikiza malata a ndege yeniyeni.

"Ndabwerako."

"Mwayenda bwanji?" anafunsa Yotamu, osadzutsa mutu.

"Ndayenda bwino," anatero mayiyo.

Patapita masiku Nachisale anamanga chingwe kuchokera pakhomo kukafika kukhitchini, china kukafika kubafa. M'mawa uliwonse Yotamu ankachikweza ndi dzanja n'kudutsa. Ankayesa n'choyanikapo zovala, ngakhale chinali cholekeza m'chiuno, ndipo sanaonepo chovala chitayanikidwa pamenepo.

Kenako inafika nthawi ya penti. Ankafuna mtundu wa mimba ya mtambo wa mvula, wosayera, wosada, wokhala ndi kabuluu kobisika. Anasakaniza m'zitini n'kumayesa pakhoma la kuseri, mpaka khomalo linachita mawangamawanga ngati nkhanga. Bulashi ya kusitolo inkasiya mizere, choncho anapanga yake ndi ubweya wa kumchira kwa mbuzi. Ankapaka pang'ono, n'kuumitsa, n'kusalaza, n'kupakanso. Masiku a mphepo sankapaka, poopa fumbi. Masiku a chinyezi sankapaka, poopa kuti penti achita thovu. Manambala a kumchira anawalemba ndi nthenga ya nkhuku, atagwira mpweya. Pansi pa mapiko anapachika mizinga yopangidwa ndi mabolopeni akutha. Poipachika sanaganize za anthu amene mizinga yeniyeni imawagwera. Kwa iye inali ngati ndolo pakhutu la mkwatibwi: popanda iyo chithunzi sichikwana.

Mbiri ya ndegeyo inafika kwa mkulu wina, a Chikadza, amene anagwira ntchito yokonza ndege kumayiko akunja asanabwerere kumudzi kudzapuma. Anabwera kudzaona. Anavala magalasi n'kuzungulira tebulo pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo. Anagwada n'kusuzumira pansi pa mapiko. Atadzuka anavula chipewa.

"A Gama, zoterezi ndaziona kunja, zogula m'mabokosi zili zodula kale, munthu n'kungomata. Koma yosema ndi mpeni, yolondola chonchi, sindinaionepo. Mumzinda muli nyumba yoonetseramo zinthu zaluso, ndipo oyang'anira ake ndimadziwana nawo. Akaiika m'bokosi la galasi, dzina lanu lili pansi pake. Pakani vanishi womaliza, Loweruka ndibwera ndi galimoto. Koma ikauma, wina asaikhudze, ngakhale ndi chala."

Yotamu anaperekeza mlendoyo mpaka kumsewu. Pobwerera mapazi ake sankamva miyala. Munthu amene sukulu inamuthera panjira, dzina lake n'kukalembedwa mumzinda, ana asukulu n'kumaliwerenga mokweza!

Vanishi anauma Lachinayi. Yotamu ananyamula ndegeyo ndi nsalu n'kuiika patebulo pakhonde. Dzuwa litapendeka linaigwera, ndipo inanyezimira mpaka mwini wake anabwerera m'mbuyo. Panalibenso chochotsa, panalibenso chowonjezera. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezo manja ake analibe chogwira. Chimwemwe chinamudzaza mpaka kusefukira, ndipo anafuna munthu woti amuonetse.

"Nachisale! Tabwerani mudzaone. Yatha!"

Mayiyo anachokera kukhitchini, dzanja lili pachingwe. Chingwe chitatha anagwira khoma. Anakwera pakhonde akufufuza sitepe ndi phazi. Anaima akumwetulira, nkhope yake italoza pamtondo umene unali pakona.

"Ili pati?"

Pamenepo Yotamu anayang'ana mkazi wake. Anamuyang'ana monga mmene ankayang'anira pepala lija, chiwalo chilichonse pachokha. Anaona maso otseguka koma osagwira kanthu. Anaona zipsera za moto m'manja. Anaona chitenje chovalidwa motembenuza. Anayang'ana chingwe chija, n'kudziwa ntchito yake.

"Chinayamba liti chimenechi?"

"Papita nthawi. Kuchipatala anati tinachedwa, zimene zawonongeka sizikonzekanso. Pano ndimangosiyanitsa usana ndi usiku."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndinkakuuzani, a Gama. Koma munali m'mwamba."

Sananene mokwiya. Ananena monga mmene mkazi amayankhira mlendo kuti bambo ali kumunda. Kenako anatambasula manja.

"Ndipatseni ndiione ndi zala."

Yotamu anakumbukira mawu a mkulu uja. Anazengereza kamphindi, ndipo kamphindi kameneko mayiyo anakamva, n'kuyamba kubweza manja. Yotamu anawagwira msanga n'kuwaika pamphuno ya ndege.

Zala zija zinayenda pang'onopang'ono. Zinatsika ndi phiko, zinapeza timadontho ta singano n'kuima, ngati zakumana ndi wachibale. Zinakwera mchira, zinatsika, zinazunguliza katayala.

"Koma ndiye kusalala," anatero. "Ngati tsaya la khanda."

Zinafika pagalasi. Yotamu analitsegula ndi chikhadabo, ndipo chala cha mayiyo chinalowa n'kupeza kampando.

"Apa ndi pokhala inu?"

"Eya, pokhala woyendetsa."

Chalacho chinapita kumbuyo kwa kampandoko n'kugunda thabwa. Chinafufuza kumanja, chinafufuza kumanzere, chinabwereranso.

"Nanga ine ndizikhala pati?"

"Ndege ya mtundu uwu imakhala ndi mpando umodzi basi. Ndi mmene ilili yeniyeniyo."

"Oo," anatero Nachisale. "Ine ndimayesa zaka zonsezi mukukonza ulendo wa tonse." Anaseka pang'ono n'kupukuta manja pachitenje. "Mwaigwira ntchito, a Gama. Ndi yokongola." Ndipo anatembenuka, anafunafuna khoma, n'kubwerera kukhitchini.

Yotamu anatsala yekha pakhonde. Anatseka maso kuti auluke monga mwa masiku onse. Nthaka inathawa, mitambo inatseguka, anafika kuja kopanda fumbi. Koma tsiku limenelo anachita chimene sanachitepo: anacheuka. Kumbuyo kwake kunali khoma lachitsulo. Anafufuza maulendo ake onse, ndipo sanapeze ndi umodzi womwe umene anagwirapo munthu paphewa n'kunena kuti, taonani uko. Bata lija ankalikonda linamulowa m'mafupa ngati mphepo ya mu June. Anayang'ana pansi, kutali kwambiri, n'kuona kanyumba ka malata, ndi kamunthu kakuwoloka bwalo katagwira chingwe.

M'mawa mwake sanapite kushedi. Anatenga macheka odulira zitsulo. Anaika mano a machekawo kumbuyo kwa kampando, pa penti uja anamusakaniza miyezi yambiri. Dzanja linakana. Analikakamiza. Vanishi anang'aluka ngati chigoba cha dzira, ndipo fungo la mkungudza linatulukanso ngati thabwalo ndi latsopano.

Nachisale anamva kulira kwa macheka ali pabwalo. "Kodi simunati yatha?"

"Pali pena ndinalakwitsa," anatero Yotamu.

Anadula, anagoba ndi tchizulo, mpaka malo anapezeka. Anasema kampando kachiwiri n'kukakuta ndi kansalu kong'amba pa mpango wakale wa mkazi wake. Galasi lija loyera ngati mame linali lalifupi tsopano. Anatenthetsa botolo lina, ndipo linatuluka lachimbuuzi, lokhota mbali imodzi. Analiika momwemo. Penti wotsala m'chitini anali atauma, ndipo watsopano sanafanane ndi woyamba. Pamsana pa ndegeyo panatsala chipsera chooneka ngakhale munthu ali kumsewu.

Loweruka a Chikadza anafika ndi galimoto, atanyamula bokosi loyalamo thonje. Ataona ndegeyo anagwira pakamwa.

"Yagwa kodi?"

"Sinagwe. Ndaidula ndine."

"Mwaiwononga, a Gama! Zilipo za mipando iwiri, zophunzitsira, koma sizioneka chonchi. Iyi tsopano siikufanana ndi ndege ina iliyonse padziko. Sindingapite nayo kumzinda."

"Ndikudziwa," anatero Yotamu. "Pepani kuti ndakuyendetsani ulendo wachabe."

Mkuluyo anapukusa mutu, anabweza bokosi lake m'galimoto, n'kumapita. Musaganize kuti Yotamu sizinamupweteke. Anaima pabwalo mpaka fumbi la galimoto linatera pamasamba. Dzina lake silinalembedwe mumzinda, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Kenako anapita kukhitchini. Sanaitane ali patali. Anagwira dzanja la mkazi wake, anayenda naye mpaka pakhonde, anamukhazika pabenchi n'kumuikira ndege pamiyendo. Chala cha mayiyo chinapeza chipsera, chinachitsata, chinalowa pansi pa galasi lokhota. Chinapeza kampando koyamba. Chinapitirira, ndipo sichinagunde thabwa. Chinaima pa kansalu kaja n'kukasisita.

"Nsalu iyi ndikuidziwa," anatero.

Misozi inatsika m'maso osaona aja, koma pakamwa pankamwetulira.

"Ndiye tikupita kuti?"

"Munene ndinu."

"Kwathu, kuseri kwa mapiri. Ndinapitako kalekale." Zala zake zinatsikira pansi pa mapiko. "Nanga izi zolendewerazi n'chiyani?"

"Mizinga."

"Ichotseni. Tikupita kukacheza kwa abale, tikatani nayo?"

Yotamu anaithothola umodziumodzi n'kuiika pansi. Anakhala pambali pa mkazi wake, phewa ndi phewa, n'kuika chala chake pa kampando ka kutsogolo.

"Gwiritsani, tikunyamuka. Msika ndi uwo, ukuchepa. Azimayi a tomato akuyang'ana kumwamba. Tadutsa sukulu, tadutsa dambo, ng'ombe zikuoneka ngati nyemba. Phiri lili kumanja kwanu, tikulizungulira."

"Musathamange choncho," anatero Nachisale. "Tsikani pang'ono. Pamtsinje pali mwala waukulu umene tinkachapirapo tili atsikana. Mukuuona?"

Yotamu sanauone, chifukwa anali asanafunsepo za mwalawo.

"Ndiuzeni mmene ulili," anatero.

Ndipo mayi wosaonayo anayamba kuonetsa mwamuna wake dziko. Anamuonetsa mwala wochapirapo, woterera mbali ya kum'mawa, pamene mng'ono wake anagwa n'kuguluka dzino. Anamuonetsa mkuyu umene munali njuchi, ndi kanjira kopita kudimba la mayi ake, kodutsa m'tsekera lalitali lonyowetsa miyendo m'mawa. Anamuonetsa nyumba imene anabadwiramo, imene inagwa kalekale, koma kumwambako inali chiimire, utsi ukutuluka padenga. Yotamu anamvetsera. M'zaka zonse za kuuluka kwake anali asanaonepo zinthu zambiri chotere. Anthu odutsa pamsewu anangoona nkhalamba ziwiri pakhonde, maso ali chitsekere, kandege kachipsera kali pamiyendo, mithunzi ikutalika pabwalo.

Maso a Nachisale sanabwerere. Koma kuyambira sabata imeneyo ankapitira limodzi kumsika, mayiyo atakhala pakaliyala, atagwira malaya a mwamuna wake. Mushedi ankakhala pabokosi la masipanala. Yotamu ankamuuza amene akudutsa ndi mtundu wa zovala zawo, ndipo iye ankamuuza Yotamu kuti ameneyo ndi mwana wa yani, anakwatiwa kuti, ndipo chikumudetsa nkhawa n'chiyani.

Inu amene mwamva, aliyense wa inu ali ndi chimene akusema. Wina ndi nyumba, wina ndi maphunziro, wina ndi geni, wina ndi dzina labwino mumpingo muno. Sindikuti musiye. Luso ndi maloto n'zopatsidwa ndi Mulungu. Koma lero mukafika kwanu, lowetsani chala m'chinthu chanucho, mufufuze kumbuyo kwa mpando wanu. Mukagunda thabwa, musati ndimalize kaye. Tengani macheka. Chidzakhala ndi chipsera, ndipo odziwa adzati mwachiwononga. Alekeni anene. Yotamu anadula ndege yake pamene maso a mkazi wake anali atapita kale. Inu dulani chinthu chanucho pamene anthu amene mumawakonda akadaona.